Chambo cha Kunyumba kwa Ahedi

Lolemba m'mawa aphunzitsi onse anasiya kuyankhula ndi Mayi Hidaya. Sikuti anakangana ndi munthu ayi. Anangofika pansi pa mtengo wa mango pomwe aphunzitsi amakhala nthawi ya buleki, nkhani n'kuthera pomwepo. Wina anayamba kuyang'ana foni, wina kusasa choko m'manja. Koma Mayi Memory a Sitandade 5, amene pakamwa pawo sipachedwa, anakweza mphuno m'mwamba.

"Komatu pano pakununkha nsomba," anatero Mayi Memory.

Onse anaseka. Mayi Hidaya ananunkhiza chitenje chawo mobisa. Amuna awo, Che Jaffalie, amachita geni ya nsomba, amakapikula kudoko ku Monkey Bay n'kumagulitsa panjinga, ndiye mwina fungo linawatsatira. Koma chitenje chinkanunkhira sopo.

Masiku amenewo kunali nkhani yoti boma likufuna kusintha kalipiridwe ka ogwira ntchito m'boma. Ankati malipiro azikwera potengera mmene munthu wagwirira ntchito, osati zaka zimene wakhala pantchito. Kwa aphunzitsi, kunkamveka kuti aziona mmene ana akhozera, komanso ahedi azipereka malikisi kwa mphunzitsi aliyense. A yuniyoni, bungwe lija loyankhulira ogwira ntchito, anakana zimenezi ndipo anaitanitsa msonkhano Loweruka.

Mayi Hidaya nkhaniyi inkawasowetsa mtendere. Kalasi yawo ya Sitandade 2 ndi yodzaza mpaka pakhomo. Usipa ukagwa, theka la ana limathawira kudoko kukayanika pathandala. Nanga ana oterewa akhoza bwanji? Zimenezi ankadandaula kunyumba tsiku ndi tsiku.

Ataweruka anapita kwa aneba awo, Mayi Celestina, amene amaphunzitsa pasukulu ina ndipo ndi nthumwi ya yuniyoni m'dera lonselo. Anawapeza akusenda chinangwa pakhonde.

"Achemwali, ndiuzeni zoona. Ndalakwa chiyani ine?"

Mayi Celestina anaika mpeni pansi. "Mukufuna kundiuza kuti simukudziwa? Amuna anu akumapita ndi chambo kunyumba kwa ahedi anu. Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti. Amayi a pamjigo akumawaona. Chambo chake osati timbaba ayi, chija chotuluka mchira m'basiketi."

"Chambo? Kwa ahedi?"

"Eetu. Ndiye anzanu akuti mwagula kale malikisi. Ena akuti ndinu kazitape wa ahedi, musapondeko ku msonkhano. Ndipo pali wina akuti akanena ku boma kuti pasukulu panu pali ziphuphu. Zikafika kumeneko, ntchito ikhoza kukutherani."

Mayi Hidaya anakhala pansi pakhondepo. Ntchito imeneyi anaivutikira, ndipo ndi imene imaphunzitsa mwana wawo Nadia ku sekondale.

Che Jaffalie atafika ndi njinga yawo, anapeza amayi awiriwo akuwadikira pakhomo.

"Bambo a Nadia, chambo cha Lachisanu chimapita kuti?"

Che Jaffalie anavula chisoti, n'kuchivalanso. "Aaa, mayi a Nadia, imeneyo ndi nkhani yaing'ono."

"Yaing'ono? Sukulu yonse ikundiseka!"

"Wallahi ndimafuna kukuthandizani. Si inu mumalira kuti ahedi ndiwo azipereka malikisi? Kudoko ukafuna kuti mwini boti azikusungira nsomba zabwino, umamukumbukira ndi kenakake. Aliyense amadziwa zimenezo. Ndiye ndinati nanenso ndiwakumbukire ahedi anthu ena asanayambe."

"Ndiye ine ndasanduka usipa woti mundisungitse kwa mwini boti?"

Mayi Celestina anaseka mpaka kugwira nthiti, kenako anakhala bwino. "Che Jaffalie, mtima wanu unali wabwino, koma njira yake ndi yolakwika. Kudoko boti ndi la mwini wake, akhoza kugulitsa kwa amene wamufuna. Sukulu si ya ahedi, ndi ya boma. Mukapereka mphatso kwa munthu kuti akondere mkazi wanu pantchito, zimenezo ndi ziphuphu. Wopereka ndi wolandira onse ali pa mlandu."

"Ngakhale nsomba chabe?"

"Ngakhale dzira limodzi."

Che Jaffalie anakhala pa mpando wa njerwa. "Nanga inu a yuniyoni mukukaniranji? Ine ndimamva kuti mukuteteza aulesi. Kuli aphunzitsi ena ndimakumana nawo kumsika nthawi ya sukulu."

"Aulesiwo alipodi, ndipo ifenso amatichititsa manyazi," anayankha Mayi Celestina. "Sitikukana kuti munthu aziwunikidwa pantchito. Tikukana muyeso wokhota. Akazi anuwa ana ndi ochuluka moti sakwana m'kalasi, wina kutauni ali ndi ana ochepa, aliyense ndi buku lake. Muwayese mofanana? Mnzathu wa ku Katuli mvula ikagwa msewu umaduka, mabuku safika. Vuto ndi lake? Komanso malikisi akakhala m'manja mwa munthu mmodzi, mwaona nokha zimene zimachitika. Lamulo silinayambe n'komwe, chambo chayamba kale kuyenda."

"Ndiye titani?" anafunsa Mayi Hidaya.

"Musabise. Mawa masana tipite tonse kwa ahedi, achiwiri kwa ahediwo akhalepo ngati mboni, nkhani ithe poyera. Loweruka mubwere ku msonkhano. Kulowa yuniyoni ndi ufulu wanu, palibe angakuthamangitseni kapena kukulangani chifukwa choyankhula pamenepo."

Tsiku lotsatira anapitadi. Ahedi, Bambo Petulo, anamvetsera nkhani yonse kukamwa kuli yasa.

"Che Jaffalie, ine amayi kunyumba amangondiuza kuti a Jaffalie atikumbukira. Ndimati ndi chikondi chabe. Kani chinali cha malikisi?"

"Pepani, abwana. Mkazi wanga samadziwa kanthu. Nzeru zinali zanga ndekha."

"Kubweza sindingabweze, tinadya ndi mutu womwe," anatero Bambo Petulo. Anatulutsa chikwama n'kulipira chambo chonsecho pa mtengo wa pamsika, achiwiri awo akuona. Kenako anapukuta thukuta. "Ndikuuzeni, malikisi amenewa ndikuwaopa kuposa inu. Dzana kwabweranso tambala kuchokera kwa mphunzitsi wina. Tsopano ndamvetsa chimene wabwerera."

Tambalayo anali asanaphedwe, ndiye ahedi anamumanga pa kaliyala n'kukamubweza okha dzuwa likuswa mtengo. Dzina sanatchule. Koma njinga yawo inadutsa pamjigo pomwe paja, tambala akukuwa njira yonse, ndipo inakaima pakhomo pa Mayi Memory.

Loweruka kalasi yochitira msonkhano inadzaza, ena kusuzumira pawindo. Kunabweranso Bambo Oscar, mkulu wochokera ku boma, kudzamva maganizo a anthu. Iwo anafotokoza kuti boma likufuna olimbikira azipindula, chifukwa panopa wojomba ndi wolimbikira amalandira chimodzimodzi. Ena anayamba kukuwa kuti Lolemba atseke sukulu basi. Mayi Celestina anawaletsa.

"Sitalaka ili ndi njira yake ya lamulo, ndipo imabwera zokambirana zikakanika. Tikangotseka tokha, olira ndi ana, ife n'kukhala olakwa. Lero tiyankhule. Ndani ayamba?"

Mayi Hidaya anaimirira. Kumbuyo wina ananong'ona kuti, "Amayi a chambo aja."

"Eya, ndine," anatero atatembenuka. "Amuna anga anapereka chambo kwa ahedi ine osadziwa. Takonza poyera, mboni zilipo. Anachita zimenezo chifukwa cha mantha, ataona ine ndikulira. Tsono Bambo Oscar, taganizani. Amuna anga ali ndi nsomba. Wina ali ndi nkhuku. Nanga mphunzitsi amene alibe kanthu koma amaphunzitsa bwino, adzapereka chiyani? Ine kuwunikidwa sindikuopa. Bwerani mudzandione m'kalasi tsiku lililonse limene mungafune. Koma muwerengenso ana amene ndili nawo, ndipo asandiweruze munthu mmodzi."

Woyamba kuomba m'manja anali Mayi Memory, maso ali pansi, kenako onse anatsatira.

Anagwirizana zokapempha. Owunika akhale angapo, osati bwana yekha. Aziganizira kuchuluka kwa ana ndi mavuto a kumudzi. Munthu akaona kuti amuwunika mokondera, akhale ndi kokadandaula. Bambo Oscar anati zonsezo akazitula kwa akuluakulu, ndipo anapempha kuti yuniyoni itumize anthu awiri ku zokambirana za ku boma, mmodzi akhale wophunzitsa makalasi aang'ono.

"Mayi Hidaya!" anakuwa aphunzitsi a pasukulu pawo, omwe aja anawakhalira chete.

Nkhani yokanena ziphuphu inafera pomwepo, chifukwa panalibenso chobisika. Ntchito ya Mayi Hidaya inapulumuka, ndipo tsiku la zokambirana anakwera minibasi ndi Mayi Celestina kupita ku boma kukayankhulira anzawo.

Phunziro lake ndi ili. Ngati kusintha kwa pantchito kukukuopsani, musathamangire kukhomo kwa abwana ndi mphatso. Mphatso yofuna kukonderedwa ndi ziphuphu, ndipo ikhoza kukuchotsetsani ntchito imene mukufuna kuiteteza. Pitani ku yuniyoni yanu, funsani kuti mumvetse, ndipo nenani dandaulo lanu poyera pamodzi ndi anzanu. Kugwira ntchito molimbika ndi udindo wanu, kuwunikidwa mwachilungamo ndi ufulu wanu.