Mitengo Yonenepa ndi Utsi wa Eni

1.
Yanenepa.

Zaka khumi ndi zisanu Fanesi Kamwendo akuyeza mitengo ya paini m'phiri muno, kuzunguliza tepi m'chiuno mwa uliwonse, ndipo chaka chilichonse tepiyo imachita kuperewera.

2.
Ndi mpweya wa kaboni, mayi, anatero a Mbendera, bwana wa kampani yosunga nkhalangoyo. Utsi wa mafakitale akunja wachuluka mumlengalenga. Mitengo imadya womwewo, n'chifukwa chake ikukula msanga. Eni utsiwo ndiwo atilemba ntchito. Osadula ngakhale umodzi.

Yanenepa, inde bwana. Koma tayigogodani mumve.

3.
Sanagogode. Anagogoda yekha Fanesi ndi msana wa chikwanje. Mtengo waukulu chonchi, m'kati mwake wofewa ngati phesi. Wakula mothamanga, sunakhwime.

4.
Zimene Fanesi analemba m'malipoti:
mtengo 212, wapendekera kunjira
mtengo 230, mizu ili pamtunda
mtengo 231, ukulira mphepo ikawomba

Zimene a Mbendera anayankha:
Taona.

5.
Lachitatu dzuwa lili paliwombo Elube mng'ono wake wa Fanesi akutsika njira yomweyo dengu la bowa pamutu akung'ung'udza nyimbo ya kwaya kamphepo kakuwomba kosatha n'kuzimitsa machesi komwe ndipo mtengo 230 unangoti phwaa osachenjeza bowa mbwee m'njira monse patapata imodzi uko anthu kuthamanga kukoka nthambi kukuwa dzina lake iye osayankha

6.
Pepani kwambiri, mayi, ndi ngozi, anatero a Mbendera pamaliro. Kenaka motsitsa mawu: Mukapeza mpata mukauyezebe wagwawo. Akunja akufuna adziwe kaboni amene watayika.

Amene watayika?

Ee, kaboniyo.

7.
Nkhwangwa.

Masiku anayi, masanasana, aliyense akuona. Mtengo uliwonse wopendekera kunjira unagona pansi. Matuza anaphulika m'manja, Fanesi osaleka. Amayi opita kubowa ankangomupatsa madzi n'kudutsa.

8.
Zonsezi Fanesi wazinena ataimirira m'khoti. Wolemba sanalembe kanthu, cholembera chili kukamwa.

Mayi, anatero woweruza, funso langa ndi limodzi. Mitengo makumi anayi ndi itatu. Mukuvomera?

Ndikuvomera, bwana. Pepala lanulo lili ndi nambala ya mtengo uliwonse, msinkhu wake, kunenepa kwake. Ndinayeza ndine. Tsono ndikufuna muwonjezere mzere umodzi.

Khoti si lanu, mayi.

Elube Kamwendo. Zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ana awiri.

Fanesi anatembenukira kwa wolemba uja.

Chotsani cholembera kukamwako, achimwene. Sindikhala pansi mpaka mulembe.