Khasu la aZikhalo

Munira ndi Ignasio anagwira ntchitoyi limodzi kwa miyezi isanu ndi iwiri. Onse anali anthu a zaluso, koma osati ojambula zithunzi zokongoletsa khoma. Anayenda m'midzi ya ku Mayani kupempha alimi makasu akutha, ndipo mwini khasu aliyense ankamujambula mawu akufotokoza za khasu lakelo. Makasu makumi atatu anawapachika ndi waya m'shedi yakale ya matabwa m'munsi mwa phiri la Dedza, imene tsopano ndi nyumba yoonetsera zaluso. Pansi pa khasu lililonse anaikapo kasipika ndi batani, kuti munthu akadina amve mwini wake akuyankhula.

Ignasio ankaona zopachika. Mawu onse anali m'manja mwa Munira.

Khasu la nambala naini linali la aZikhalo, bambo ake a Ignasio. Munira anawajambula mu Meyi, ali m'munda mwao wa mbatata ya kachewere. Mu Julaye anamwalira ndi chibayo.

Kutatsala sabata imodzi kuti chionetsero chitsegulidwe, Munira anapeza kuti mawu a aZikhalo mulibe m'kompyuta. Anakumbukira tsiku limene khadi losungira mawu linadzaza, iye n'kufufuta zina mothamanga poganiza kuti anazikopera kale. Anapita nalo khadilo kwa wokonza mafoni ku Lilongwe, koma sizinatheke. Katatu konse anafuna kumuuza Ignasio, koma analephera.

"Mawu a bambo sindinawamvetserebe," Ignasio anamuuza tsiku lina ali pamakwerero. "Ndikufuna ndidzawamve limodzi ndi amayi."

Munira anangomupatsira waya.

Tsiku lotsegulira kunacha ndi chifunga. AEsitere, amayi ake a Ignasio, anafika pa kabaza atavala juzi ya malemu amuna awo. Ignasio anawagwira dzanja mpaka pa khasu lija. Ignasio anadina batani. Kunali zii. Anadinanso.

"Mwina waya wathothoka," anatero Ignasio, n'kugwada kuti aone.

Munira akanangovomera, aliyense akanakhulupirira.

"Si waya, aIgnasio. Mawuwo ndinawafufuta ine, mwangozi. Ndinazindikira sabata yatha koma ndinaopa kukuuzani."

Ignasio sanadzuke msanga. Atadzuka anayankhula motsitsa mawu.

"Ndiye munandisiya ndiwaitane amayi kuchokera kumudzi, inu mukudziwa?"

"Inde."

AEsitere anayang'ana khasulo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa Munira.

"Inu munawamva, mwanangu. Ankati chiyani?"

Munira anayesetsa kukumbukira. Tsiku lojambulalo mtima wake unali pa makina, kuopa kuti mphepo ingaononge mawu. Munthuyo sanamumvetsere kwenikweni.

"Anati khasuli analigula ku Linthipe, chaka chimene munakwatirana. Zinazo ndaiwala, amayi. Pepani."

"Pamenepo ananama," anatero aEsitere, osaseka. "Ndinagula ndine, nditagulitsa nyemba."

Anapempha mpando, n'kukhala pafupi ndi khasulo mpaka anthu onse atachoka.

Chionetsero chinatenga milungu itatu. Ignasio ankabwera tsiku lililonse, moni ankapereka, koma nkhani zinali za mababu ndi makiyi basi. Munira atapempha kuti achotse batani la nambala naini, Ignasio anakana. Choncho tsiku ndi tsiku Munira ankaona alendo akudina, kudikira pang'ono, n'kupita pa khasu lina.