Pamene Msewu Waukulu Umakhota

Mkulu wina wolemba zikwangwani anali kusakaniza penti pamene alamu ake, ogwira ntchito ku khonsolo ya mzinda, analowa m'shopu atagwira pepala.

"Alamu, ndakupezerani ntchito," anatero. "Msewu waukulu wakwanitsa zaka makumi asanu. Mabwana akufuna chikwangwani cha mbiri yake."

Mkuluyo anapukuta manja n'kuyamba kuwerenga. Pepalalo linkati msewuwo umayambira pa siteshoni ya sitima, kudutsa pamsika ndi pachipatala, kenako n'kukhota, mpaka kukathera pamlatho. Zonsezo zinali zoona. Koma mzere womaliza unkati: "Msewuwu unalambulidwa patchire pomwe sipankakhala anthu."

"Tchire? Ndiye ine ndinabadwira m'tchire? Ndine nyani?"

"Mtima pansi, alamu. Ndi mawu chabe."

"Mawu chabe! Mukudziwa chifukwa chake umakhota paja? Unkayenera kuwongoka, koma kutsogolo kunali nyumba ya mwini fakitale. Anaupinda ngati waya n'kuuponya pa ife. Mabanja makumi atatu! Mayi anga anatuluka atasenza makina osokera, chigalimoto chogumula chikubangula kumbuyo kwawo. Pamene mwaika maloboti paja m'pamene panali khomo lathu."

"Zakale zimenezo. Inu ingolembani. Mukakana mundichititsa manyazi, ndakutamani kale kwa abwana."

Mkazi wa mkuluyo, amene ankatsuka maburashi kuseri, anatulukira manja akuchucha madzi.

"Achimwene, tengani pepala lanu muzipita. Apongozi anga anamwalira akuitchulabe nyumba imeneyo."

Alamu anatuluka akung'ung'udza, ntchito n'kukapatsa wina. Mkuluyo anapita ku khonsolo katatu kukapempha kuti mzerewo auchotse. Anamuuza kuti alembe kalata. Analemba. Kuyankha kwake, zii.

Ndiye anayamba kufunafuna anthu amene ankakhala nawo kale paja. Amoyo anawapeza asanu ndi awiri, wina wosaona, wina woyenda ndi ndodo. Aliyense anamulembera bolodi lakelake, zilembo zofiira: "PANO PANALI KWATHU."

Tsiku lovundukula chikwangwani onse anakaima ndi mabolodi awo pokhota paja, pomwe panali mwambowo, dzuwa likuswa mtengo. Bandi inkaimba, mabwana ankaomba m'manja osacheuka n'komwe. Apolisi anabwera n'kuwakankhira kuseri kwa mpanda kuti asaoneke pazithunzi.

Mzere uja sanauchotse. Mkuluyo anabwerera kushopu mawu atasasa, bolodi lili m'khwapa, ndipo kuyambira tsikulo alamu ake sanapondenso pakhomo pake.