Tchuthi cha Zelipa ku Tibet

Mmalawi wa ku Birmingham akatenga tchuthi chachitali safunsidwa kumene akupita. Aliyense amadziwa kale kuti ndi kumudzi. Ndiye dzina la Zelipa litangooneka pa rota, mndandanda wa ntchito wa kuwodi, kuti sadzakhalapo kwa masabata angapo, Patson, nesi mnzake amene nkhani siigona m'kamwa mwake, sanavutike n'kufunsa. Anangolemba pagulu la WhatsApp la kutchalitchi kuti mayi a Melissa anyamuka posachedwapa, amene ali ndi kanthu kotumiza afulumire.

Koma Zelipa sankapita ku Malawi. Ankapita ku Tibet.

Anamuyambitsa ndi Ann, mzungu wa ku Oldbury yemwe ankagwira naye ntchito pawodi ya odwala m'mapapo. Ann anali m'kagulu ka amayi okonda kuyenda m'mapiri, ndipo tsiku lina pa nthawi ya tiyi anamuonetsa zithunzi za kumene gululo linkakonza zopita: mapiri oyera mbee, zigwa zopanda mtengo ndi umodzi womwe, tinsalu tamitundumitundu tikuuluzika pazingwe. Zelipa anakulira m'tsinde mwa phiri la Dedza, koma phirilo ankalikwera pokatola nkhuni basi, maso ali pansi, mtolo uli pamutu. Kukwera phiri popanda chokatengako zinali za azungu. Anayang'ana zithunzi zija mpaka tiyi kuzizira, kenaka anangomva pakamwa pake pakunena kuti nayenso apita nawo.

Kukonzekera kwake kunamukoma kuposa mmene ankaganizira. Dzikolo lili pamwamba kwambiri moti mpweya ndi wochepa, munthu wozolowera kunsi kuno amatha kufika n'kugwidwa ndi mutu ndi chizungulire. Choncho kachipangizo kamene tsiku ndi tsiku ankapanitsa pachala cha odwala poyeza mpweya m'magazi, tsopano ankadzipanitsa nako yekha. Lifiti ya kuchipatala anaisiya n'kumakwera masitepe. Loweruka akapuma ankapita ku Clent Hills ndi mwamuna wake Dyson, timapiri toti ku Dedza angatitche zulu. Dyson ankatsalira kumbuyo ali wefuwefu, akudandaula kuti mkazi wake wapenga ali wamkulu kale, chonsecho nsapato zoyendera anakamugulira ndi iye yemweyo. Adokotala anamupatsa mapiritsi n'kumulangiza kuti akakafika ku Lhasa, likulu la Tibet, asakadzionetse mphamvu, masiku oyamba akayende ngati mkwatibwi ndipo akamwe madzi ambiri. Za chilolezo cholowera kumeneko ndi wowatsogolera inkayendetsa ndi kampani yokonza ulendowo. Anayeseranso kupanga tiyi wothira batala ndi mchere monga anamvera kuti amamwera eni dziko. Mwana wake Melissa analawako kamodzi, n'kukankha kapu. “Mum, no.”

Chinthu chimodzi chokha chinkamudya mtima, ndicho kutsanzika Anti Mabel. Mayi amenewa anali nesi wopuma pantchito wa ku West Bromwich, ndipo ndi amene anamulandira Zelipa atangofika ku Mangalande. Anamugoneka m'nyumba mwawo, kumuphunzitsa mabasi, kudzamusambitsira khanda Melissa atabadwa. Munthu wotere sumusiya n'kukwera ndege osakamugwadira kuti akudalitse, ndipo Zelipa ankadziwa kuti akanyamuka popanda mawu awo, mapiri onsewo sakamukomera. Vuto linali loti Anti Mabel anali ndi chiphunzitso chimodzi chomwe sankachibisa: tchuthi n'cha kumudzi. Banja lina litapita kukaothera dzuwa ku Spain, analinena mpaka eni ake anasintha benchi kutchalitchi. Zelipa ankachita mantha, ndiye ankangoti mawa, mawa.

Mawa asanakwane, katundu anayamba kufika kunyumba kwawo ku Handsworth. Wina anabweretsa nsapato za mdzukulu wake wa ku Area 25 ku Lilongwe, wina foni yakale yokulunga m'sokosi, mayi wina wa ku Zambia mpaka anabwera ndi bulangete, ati ku Chipata n'kufupi ndi ku Lilongwe, likapeza lokha njira. Aliyense ankalowa akumwetulira n'kunena kuti ndi kakang'ono chabe, sikalemera. Zelipa ankalandira ndi manja awiri monga anamulerera. Posakhalitsa kuseri kwa sofa kunadzaza majumbo, ndipo Dyson akamadutsa ankafunsa ngati ku Tibet kuli basi ya ku Chipata.

Kenaka analimba mtima n'kuyamba kuimbira eni katundu mmodzimmodzi. Ena anaseka mpaka kutsokomola, ena anafunsa ngati Tibet ili kufupi ndi Dubai. Patson anapepesa, ati safunsa anadya phula. Onsewo anali osavuta. Koma nkhani yotereyi mayi wokulera sumuuza pafoni, ndipo Zelipa anakonza zoti akawaone yekha mkati mwa sabata.

Anamuyambirira ndi iwo. Lamulungu masana belu linalira, ndipo pakhomo panaima Anti Mabel, akadali mu diresi la kutchalitchi, atakwera tramu, kasitima ka m'tauni, ndi basi ndi mawondo awo ovutawo, m'manja muli phukusi la mchimwene wawo wa ku Kasungu, lomata bwino ndi tepi. Zelipa anawakhazika pampando wabwino, anawapangira tiyi, Dyson anapereka moni n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi chochita kukhitchini. Atamwako pang'ono, Zelipa anagwada pambali pa mpando.

“Anti, ine sindikupita kumudzi.”

“Nanga leave yonseyi?”

“Ndikupita ku Tibet. Kumapiri, mbali ya ku China uko.”

Anti Mabel anaika kapu pansi. Anafunsa ngati ndi za kuntchito, Zelipa anati ayi. Anafunsa ngati ndi za mpingo, anatinso ayi.

“Ndiye kuli ndani kumeneko?”

“Kulibe aliyense, Anti. Ndikungofuna ndikaoneko.”

Kunja basi ya m'tauni inadutsa n'kugwedeza zenera. Zelipa anayang'ana pansi kudikira chimvula cha mawu. M'malo mwake mayiwo anafunsa mwakachetechete ngati amayi ake ku Dedza akudziwa. Anayankha kuti akudziwa, anawaona chaka chatha ndipo adzawaonanso chaka chamawa, ndipo pafoni anangomuuza kuti akavale zotentha. Anti Mabel anagwedeza mutu, osaonetsa ngati akuvomera kapena akukana. Anayang'ana majumbo amene anali asanatengedwe kuseri kwa sofa, n'kufunsa kuti masutikesi ake enieni ali kuti.

Zelipa anakwera kuchipinda n'kubwera ndi chikwama chimodzi chobereka kumsana, cholongedza kale. Anachiika patsogolo pawo ali ndi manyazi, ngati mwana woonetsa ndiwo zochepa kwa mlendo.

Anti Mabel anali atawoloka nyanja kambirimbiri. Ulendo uliwonse ankanyamuka ndi masutikesi otupa ndi zinthu za anthu, kugwada pabwalo la ndege kusamutsa nsapato za eni kuchoka muno kuika umo kuti sikelo ivomere, zovala zawozawo atazipanikiza m'kachikwama ka m'manja. Akafika kumudzi sabata yoyamba inkathera kugawa katundu, yachiwiri kupepesa maliro amene anachitika iwo kulibe, ndipo ankabwerako atatopa kuposa popita. Sanadandaulepo, ankati ndiwo umunthu, ndipo sankanama.

Anagwira lamba wa chikwama chija ndi manja awiri, atakonzekera kulemera, koma chinangonyamuka. Anachitsitsa, n'kuchinyamulanso ndi dzanja limodzi.

“Muno muli zako zokhazokha?”

“Zanga zokha, Anti.”

“Tandiberekese.”

Zelipa anadzuka, anawalowetsa mikono m'malamba n'kuwamanga pachifuwa, pamwamba pa diresi la kutchalitchi. Anti Mabel anayenda mpaka pazenera, anaima kuyang'ana mzere wa nyumba za njerwa zofiira, n'kubwerera pang'onopang'ono. Dyson anasuzumira kuchokera kukhitchini akufuna kuseka, koma ataona nkhope yawo anadziletsa.

“Kodi chikwama cha munthu mmodzi chimapepuka chonchi?” anafunsa, osayang'ana aliyense.

Zelipa anamva chisoni ndi chimwemwe nthawi imodzi. Mayiwo anamuuza kuti za phukusi la ku Kasungu asavutike nazo, Amalawi opita kumudzi sadzatha. Anamuuza kuti kumeneko asakachite makani ndi phiri, mutu ukakamupweteka akanene, asakabise monga amachitira manesi. Ndipo akadzabwerako asadzawatumizire zithunzi pafoni ayi, adzabwere yekha ku West Bromwich adzawafotokozere zonse, kuyambira pokwera mpaka potsika.

“Gwada, mwanawe, tipemphere.”

Zelipa anagwadanso, Dyson anatuluka kukhitchini n'kuweramitsa mutu, Melissa anaitanidwa kuchokera kuchipinda cham'mwamba. Anti Mabel anaika dzanja pamutu pa Zelipa n'kuyamba kupempherera ulendo, ndege, anzake oyenda nawo, ndi mpweya wochepa wa kumapiriko kuti ukamukwanire. Anapemphera chiimire, chikwama chili kumsana, ndipo sanafulumire kunena ameni.