Wodikira Mawu a Phwiti

Zovala zinali zonyika m'beseni chiyambire m'mawa, makatoni a ziwiya anali asanamasulidwe chisamukire, khanda linali losasamba, mpopi wa kuseri eninyumba anati umauma dzuwa likafika pamutu — ndipo iye, make Phwiti, anali ataima kuseri kwa kalasi ya eniake ngati wakuba, khanda kumsana, khutu ku zenera, kumvetsera ana a anthu ena akuyankha mafunso.

Nkhani inali ya sukulu. Bambo ake a Phwiti, amene kuntchito kwawo kokonza magalimoto anawasamutsira dera lino, anachoka m'mawa atanena kuti pobwera apeze atasankha, mwana ayambe Lolemba, chifukwa iwo sangajombe ntchito yatsopano n'kumayendera zipata za masukulu. "Iwe ndiye umamudziwa," anatero akumanga zingwe za nsapato. Mawu abwino, inde, koma olemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi, poti tanthauzo lake n'loti zikadzalakwika, wolakwa wadziwika kale.

Phwiti ali ndi chibwibwi. Akafuna kunena kuti madzi, "ma" amabwera yekha kaye, mobwerezabwereza, nsagwada n'kuuma, maso n'kutsinzina, tizala n'kumatsina m'mphepete mwa diresi mpaka liwulo litavomera kutuluka. Kumene anachokera kuja aphunzitsi anali atamuzolowera, ana anzake anaseka mpaka kutopa, ndipo ana akatopa kuseka ndiye mtendere umenewo. Kuno zonse ziyambirenso.

Masukulu anali awiri. Yoyamba, ya mpanda wopaka utoto, anapitako kudakali kozizira. Ahedi anamulandira bwino, anamuonetsa chipinda cha mabuku ndi zikho za mipikisano zili pashelefu, n'kumatchula ana amene anapita kusekondale chaka chatha, iye akungogwedeza mutu — nanga zikho angazifunse chiyani munthu amene sukulu anaisiyira panjira, mimba ya Phwiti yemweyu itayamba kukana yunifomu? Za mabuku sazidziwa. Koma kugula amadziwa: poto sagula chifukwa chonyezimira, amamugogoda n'kumvetsera. Ndiye atatsanzika pachipata sanapite, anazungulira kuseri kumene kuli thanki ya madzi, anamuuza Phwiti kuti asewere ndi timiyala pamthunzi, iye n'kukaima pansi pa zenera la kalasi imene mwanayo akanalowa.

Mphunzitsi wa kumeneko anali wakuthwa ngati lumo. Funso, yankho, kuwomba m'manja, funso lina. Mwana wina anangozengereza pang'ono, kupuma kamodzi kokha, mayiyo n'kumumalizira liwulo, mwachangu, mwansangala, mopanda nkhanza konse, kenako "Wina!" Kalasi inkathamanga ngati madzi a m'ngalande mvula itagwa, ndipo anawo zinthu ankazidziwadi, zimenezo sangakane. Koma m'madzi amenewo mwana wake akaponda pati?

Tsopano anali pa yachiwiri, yapafupi ndi nyumba, imene eninyumba anaitchula akukwinya mphuno kuti aa, imeneyo si sukulu, n'kosungitsako ana makolo akapita kuntchito. Magalasi osweka anawatseka ndi makatoni, fungo la zimbudzi linkabwera ndi mphepo n'kubwerera, ana anali ambiri moti phokoso lawo linkamveka ngati msika. Mphunzitsi, mayi wa mawu otopa, anafunsa kamtsikana kena funso, ndipo m'kalasimo munangoti zii. Bata lalitali, lotalika moti make Phwiti anamva mpweya wa khanda ukumutentha pakhosi. Wina anayamba kuseka chamumtima, n'kulephera kudzigwira.

"Msiyeni, akubwera," anatero mphunzitsi.

Ndipo kamtsikanako kanafikadi, pang'onopang'ono, ndi yankho lolakwika, koma lake.

Make Phwiti akanachoka pomwepo. Akananyamula mawu amenewo ngati mazira, kukawafikitsa kunyumba osasweka. Koma chizolowezi cha kumsika, chogogoda poto kawiri, chinamukweza pamwala, n'kusuzumira pamene katoni inang'ambika: mphunzitsiyo anali atakhala pampando, nsapato atavula, maso ali pa foni, chala chikuyenda.

Ndiye kudikira kuja kunali chiyani? Munthu amatha kudikira mwana chifukwa chomukonda, amathanso kumudikira chifukwa alibe naye ntchito — ndipo kwa mwanayo, kodi zimasiyana? Mwina sizisiyana, mwina mpata ndi mpata basi, ngakhale utaperekedwa ndi munthu amene mtima wake uli kwina. Kapena ayi, kapena akudzinamiza, akufuna sukulu ya makatoniyi chifukwa mu ofesi ya ahedi aja anabisa mapazi pansi pa mpando pochita manyazi ndi masilipasi ake, chifukwa kumeneko tsiku la makolo adzakhala pakati pa azimayi onunkhira, odziwa kufunsa mafunso, ndiye akubisala kumbuyo kwa chibwibwi cha mwana. Nanga patapita zaka Phwiti akadzamufunsa, bwinobwino, osakakamira ndi liwu limodzi lomwe, kuti amayi, sukulu yabwino inalipo, munandimaniranji? Koma akamupereka kwa wakuthwa uja — ana otere sachedwa kuzindikira kuti kukhala chete sikupweteka — adzabwera ndi zikho zake, lilime litagona m'kamwa ngati la munthu wodwala.

"Mayi, mwataya chiyani kuseriko?"

Anali mlonda wa pasukulupo, bambo wachikulire, tsache lili m'manja.

"Palibe, bambo. Mthunzi chabe."

"Mthunzi wa kuchimbudzi?" Anaseka mpaka kutsokomola, n'kumulozera kumene kuli ofesi, kuti anthu abwino amadzera kumaso.

Sanapite ku ofesi. Anamugwira Phwiti padzanja n'kuuyamba wa kunyumba, dzuwa likuswa mtengo, khanda litayamba kulira kulira kwa njala, ndipo pafupi ndi mashopu chingwe cha silipasi chinaduka, n'kumaikhwekhwereza ndi zala, m'mutu masukulu awiri aja akusinthana malo ngati ana olimbirana mpando. Ya utoto. Ayi, yapafupi, safunika kuwoloka msewu waukulu. Koma foni ija. Koma bata lija. Anamva nsalu yake ikukokedwa.

"Ama, ine ndi-ndi-ndi—"

"Uli ndi njala, ndikudziwa. Fulumira."

Mwana anatseka pakamwa. Anayenda ndithu, anadutsa wotchaja mafoni, anadutsa telala, make Phwiti asanamve kakomedwe ka mawu akewo palilime: anatuluka okha, mwachangu, mopanda nkhanza konse. Ndipo sikanali koyamba. M'mawa uliwonse akamamupesa, madzulo aliwonse madzi ali pamoto, khanda likulira, iye amamalizira, amamalizira, poti ntchito sidikira liwu, ndipo wakhala akuganiza kuti akumuthandiza, akumutula katundu. Tsiku lonse wakhala akumvetsera kuseri kwa mazenera a eni, zenera la nyumba yake sanaimepo.

Anagwada pafumbi pomwepo, khanda likulendewera kumsana.

"Umati chiyani, mwanawe? Nena, ndikudikira."

Phwiti anamuyang'ana, anayang'ana silipasi yoduka ija.

"Njala," anatero, liwu losalala ngati mwala wa mumtsinje, lopanda pokakamira.

Atafika kunyumba mpopi unali utauma. Anayamwitsa khanda, anamuikira Phwiti chakudya pakhonde, iye n'kukhala pa katoni yosamasula, miyendo ikuphwanya, n'kumaona zimene tsikulo lamudyera. Madzi a lero. Silipasi imodzi. Ulemu wake pamaso pa mlonda, amene adzamuzindikira ndithu ngati angabwererenso kumeneko. Yankho loti awapatse bambo ake a Phwiti akamalowa ndi mafuta m'manja, limene analibe. Ndi chija mwana ankafuna kunena panjira, chimene sichinali njala ayi, poti mbale inali pakhonde apo yosakhudzidwa, ntchentche zikuzungulira, ndipo Phwiti anali atayang'ana kukhoma, milomo yake ikuyenda yokha, popanda mawu.