Imvi Zobwereka

"Tabwereza pamenepo," anatero Amayi a Kalasi. "Kapena makutu angawa ayamba kundinamiza."

Tcheya wa gulu lawo anakonza taye yake n'kuweramiranso pa laputopu. Linali Loweruka masana, ndipo gulu la oyeza magazi ongoyamba kumene ntchito linali litapanikizana m'kachipinda kosungiramo makatoni, kuseri kwa labu ya chipatala. Ena anakhala pabenchi, ena pa zidebe zozondotsa.

"Talemba kuti maphunzirowa adzatsogoleredwa ndi katswiri amene wagwira ntchito ya mu labu zaka makumi awiri," anatero Tcheya mothamanga.

"Alemekezeke Ambuye! Ndiye mwampeza? Ndani ameneyo?"

Mlembi wa gululo, mtsikana wofatsa, anayamba kuyang'ana zikhadabo zake ngati akuziona koyamba.

"Ndi inuyo, Amayi," anayankha Tcheya. "Fomu inapita kale ku bungwe lija, ndipo yawasangalatsa. Atiitana Lachinayi kuti akatifunse mafunso."

Amayi a Kalasi anali atangotha chaka chimodzi pa ntchito. Sukulu ya zachipatala anailowa atakula kale, atalera ana awo ndi ana a malemu mng'ono wawo, atagulitsa zovala pamsika mpaka mawu kusasa. M'kalasi ankakhala ndi ana amsinkhu wa mwana wawo woyamba, ndipo dzinali analitola komweko. Gulu la Lowerukali analiyambitsa ndi iwo, tsiku lomwe anapeza Mlembi akulira kuseri kwa chitseko atasokoneza magazi a odwala awiri, wopanda womulangiza. Tsopano bungwe lina linali litalengeza kuti lithandiza magulu a anthu ongoyamba ntchito kuchititsa misonkhano ndi maphunziro. Linkalipira holo, zipangizo, ngakhale mayendedwe. Koma linali ndi lamulo limodzi lovuta: gulu likhale ndi mkulu wodziwa ntchito woti aziliphunzitsa.

"Iwe mwana iwe," anatero Amayi akudzuka pabenchi, "satifiketi yanga ndi yako tinalandira tsiku limodzi. Inki yake sinaume n'komwe. Zaka makumi awirizo wazitola kuti?"

"M'mutu mwanumo," anayankha Tcheya, ena n'kuseka chamumtima. "Ndani angaone imvi zimenezo n'kufunsanso satifiketi? Ngakhale odwala amatilambalala ife n'kukapereka mkono kwa inu. Tangozibwereka, Amayi. Thandizo likabwera tibweza."

"Imvizi sindinazipeze pa maikulosikopu. Iye amene amawerenga tsitsi la m'mutu mwathu akudziwa komwe ndinazitola. Ndiye ukufuna ndikaime nazo pamaso pa anthu n'kuchita umboni wonama?"

"Mbewa yamanyazi inafera kuuna! Tinagogoda kwa akuluakulu angati? Wina akuti alibe nthawi. Wina akuti tiyambe tamuuza ngati envulopu yake ikhale yonenepa. Titani? Tife ndi umbuli chifukwa cha mzere umodzi?"

"Chabwino, thandizo labwera. Aziphunzitsa ndani? Ine gululi ndinaliyambitsa kuti ndiziphunzira. Mwandichotsa pabenchi, mwandiimika kutsogolo ndi choko m'manja, wakhungu kutsogolera akhungu anzake. Ndipo m'dzenjemo simugweramo inu nokha ayi, mugweramo ndi odwala omwe."

"Za kutsogolo tidzaziona kutsogolo komweko," anatero Tcheya, n'kutseka laputopu.

Lolemba m'mawa Amayi a Kalasi anagogoda pa ofesi ya abwana a labu. Anaganiza kuti mkuluyo akavomera, dzina lisinthidwa Lachinayi lisanafike, bodza n'kufa lisanabadwe. Anawapeza akusenda lalanje, wailesi ikulira chapansipansi. Munthuyu ndiye anali ndi zaka makumi awiri zenizeni, ndi zina pamwamba. Ankatha kungoponya diso kamodzi pa kagalasi ka magazi n'kutchula matenda. Koma nzeruzo ankazisunga ngati wantchito uja amene anakwirira pansi chuma chimene mbuye wake anamusiyira.

Anamvetsera mpaka kumapeto, akulavulira njere m'manja.

"Ine anandiphunzitsa ndani?" anafunsa. "Ndinaphunzira ndi kutukwanidwa. Nanunso tukwanidwani, mudziwa."

"Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, bwana."

"Dambo limenelo linauma kale, mayi. Komanso tandiuzani, inu nonse mukadziwa zimene ndikudziwa ine, ine ndidzakhala wa ntchito yanji pano? Mukatuluka mutseke chitseko."

Amayi anatuluka n'kutseka chitseko. Tsiku lonse anapaka magazi pa timagalasi osang'ung'udza ngakhale nyimbo imodzi ya kutchalitchi, mpaka anzawo anadziwa kuti lero kulibe mtendere.

Kunyumba anapeza amuna awo, atelala, akupalasa makina pakhonde, ulusi uli pakamwa. Nkhaniyo anali ataimva kale Loweruka.

"Takulandirani, akatswiri a zaka makumi awiri!" anafuula atelala. "Ndiye nthawi yonse ija munkati mukupita kumsika, munkazembera ku labu? Ine kuno kumati mkazi wanga akuvutika ndi mabelo a zovala!"

"Musandiyambe, bambo. Mkuluyo wakana."

Atelala analeka kupalasa. "Ndiye Lachinayi ingonenani kuti mutu ukuwawa."

"Kuthawa bodza pokwera bodza linzake?"

"Apo ayi pitani, mukangokhala chete. Anyamatawo akalankhule okha."

"Munthu ukakhala pampando wa eni n'kungoti duu, walankhula kale." Amayi anakhala pansi n'kuvula nsapato. "Chikundiwawa mukuchidziwa? Zaka zimenezo ine ndinalipo, inunso munalipo. Ndinachapa matewera a ana asanu ndi mmodzi. Ndinagona pansi m'chipatala kudwazika mng'ono wanga mpaka kumutseka maso. Ambuye anandiitanira m'munda mwawo dzuwa litapendeka kale, ndipo sanachite nane manyazi. Lero kamwana ka dzulodzuloli kafufuta zonsezo ndi chala chimodzi, n'kundilembera moyo wina umene kakuona kuti ndi wooneka bwino."

Atelala anachotsa ulusi pakamwa.

"Ana aja akudani," anatero.

"Ndikudziwa."

"Bweretsani diresi lanu lobiriwira lija ndilisite. Ngati n'kudedwa, mukadedwe muli otchena."

Lachinayi anakumana atatu pa ofesi ya bungwe lija. Tcheya anali atavala taye yatsopano. Ali pamzere wa mipando kudikira, Mlembi anasendera pafupi n'kuwagwira Amayi dzanja.

"Amayi, chonde," ananong'ona. "Ine komwe ananditumiza kuja ndili ndekha mu labu. Ndikalakwitsanso andichotsa. Maphunzirowa ndi moyo wanga."

Mawu amenewa anawalasa kuposa chipongwe cha Tcheya. Anatsinzina n'kupempha mumtima kuti ngati pali njira ina, aione tsopano. Atatsegula maso anangoona chitseko chikutseguka.

Wowafunsa mafunso anali mayi wa magalasi, wocheperapo msinkhu. Ataona imvi anadzuka msanga, anakoka mpando wofewa n'kuwapatsa Amayi, madzi n'kuwapatsira ndi manja awiri. Tcheya ndi Mlembi anawalozera mipando ya pulasitiki.

"Anthu ngati inu ndi osowa, mayi," anatero mayi wa magalasi. "Magulu ambiri agwa chifukwa akuluakulu akukana kuwathandiza. Tatiuzani, pa zaka zonse mwagwirazi, n'chiyani chimene chasintha kwambiri mu labu?"

Pansi pa tebulo nsapato ya Tcheya inagunda phazi la Amayi. Iwo anabweza phazilo, n'kuika kapu ya madzi patebulo asanamwe.

"Mayi, mpando uwu si wanga," anatero. "Ine ntchito ndinayamba chaka chatha, pamodzi ndi anawa. Zaka makumi awiri zalembedwa m'menemo ndinazithera pamsika ndi pa ana. Pa maikulosikopu ndine khanda ngati iwowa, mwinanso kuposa, poti maso anga ndi otopa."

"Amayi akungodzichepetsa," analowerera Tcheya akuseka mokakamiza. "Mukudziwa anthu opemphera..."

"Khala chete, ndikulankhula!"

Mayi uja anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anafunsa Tcheya ngati zinali zoona. Tcheya anayang'ana kudenga, kenaka pansi, kenaka anagwedeza mutu movomera.

"Ndiye sindingapitirize," anatero mayiyo akutseka failo. "Gulu lolemba zabodza limachotsedwa. Mudzayesenso chaka chamawa, mutapeza mkulu weniweni."

"Timpeze kuti?" Mawu a Amayi anakwera mpaka mlonda anasuzumira pakhomo. "Mwanena nokha kuti akuluakulu akukana. Bodza la mwanayu ndalikana, koma lamulo lanulo nalonso ndi lopotoka. Amene ali ndi m'busa kale mukuwaonjezera msipu, ife nkhosa zopanda m'busa mukutitsekera kunja. Mukuitana anjala ku phwando, n'kumati alowe okhawo amene abwera atakhuta!"

"Ndakumvani, mayi," anayankha mayi uja mofatsa. "Lamulolo sindinalembe ndine. Ndikawauza akuluakulu anga zimene mwanenazi, koma sindikulonjeza kanthu."

Atangofika pamsewu, Tcheya anamasula taye n'kuikwinyira m'thumba.

"Mwatiphera chaka chathunthu!" anakuwa, anthu odutsa n'kumacheuka. "Inu kumwamba mukalowa, tavomera. Nanga ife pansi pano? Chilungamo chanucho chitiphunzitsa kuyeza magazi?"

"Bodza lako likanatiphunzitsa?"

"Likanatipatsa holo!"

"Holo yodzaza ndi anthu osadziwa, woima kutsogolo wosadziwanso. Kumeneko ndi kupaka laimu pamanda, mwana wanga."

"Ine si mwana wanu," anatero Tcheya, n'kuwoloka msewu.

Amayi anatembenukira kwa Mlembi. Mtsikanayo misozi inali mbwembwembwe. Anangokonza chikwama paphewa n'kutsatira Tcheya. Pobwerera kunyumba, Amayi asanatsike basi, foni yawo inalira kamodzi. Anali atachotsedwa pa gulu la pafoni limene analitsegula okha.

M'mawa mwake ntchito inali yambiri. Chapakati pa m'mawa anaika pa maikulosikopu kagalasi ka magazi a mwana wina amene mayi ake anali atakhala pabenchi panja, atamufukata. Amayi anayang'ana, anapukuta diso, anayang'ananso. M'magazimo munali timaselo tooneka mwachilendo, timene sanakumbuke kuti anationapo m'buku lililonse. Dzanja linapita lokha m'thumba kuti ajambule n'kutumizira anzawo monga mwa masiku onse. Kenaka anakumbukira, n'kuibweza foniyo.

Akanatha kulemba kuti magazi ali bwinobwino, mzere n'kuyenda. Palibe akanadziwa. M'malo mwake anachotsa kagalasiko mosamala, anadutsa m'khonde, n'kukagogoda kwa abwana a labu.

"Mwabweranso? Ndinakuyankhani kale, mayi."

"Za bungwe zija zinatha, bwana. Ndabwera ndi magazi a mwana ali panjayo. Sindikudziwa chimene ndikuona."

"Kawerengeni mabuku."

"Mabuku ali kunyumba, mwana ali pano. Safunsa anadya phula, ndiye ine ndafunsa." Anakoka mpando n'kukhala, kagalasi kali m'manja. "Paja mumapemphera, bwana. Mukuidziwa nkhani ya mayi wamasiye amene anatopetsa woweruza wosaopa Mulungu mpaka anamuweruzira mlandu wake. Ine ndinakhala pamsika zaka makumi awiri kudikira ogula. Kudikira ndiye ntchito imene ndili nayo ukatswiri."

Abwanawo anawayang'ana, anayang'ana chitseko, n'kuona kuti munthuyu sasuntha. Anatsonya, anazimitsa wailesi, n'kutambasula dzanja.

"Bweretsani kuno. Koma ndi lero lokha."

Amayi a Kalasi anapereka kagalasiko ndi manja awiri, n'kusendeza mpando wawo kufupi ndi maikulosikopu ya abwanawo kuti nawonso aone.

"Lero lokha, bwana," anavomera. "Mawa ndidzagogodanso."