Chala cha Agogo aStelia

"Dinani apa, agogo, pofiirapa," anatero Gerishon atanyonyomala pafupi ndi mkeka pomwe agogo aStelia ankasankhira nachesi, abwino mbali iyi, obooledwa ndi mbalame mbali iyo.

Agogowo anapukutira chala chachikulu pachitenje ndi kudina pagalasi la foni. Mkatimo munalira kanthu. Gerishon anayang'anitsitsa, anatsonya, anaponya foniyo m'thumba ndi kuliza njinga yamoto kulowera kumsika wa Nsambe, komwe ankanyamula anthu pakabaza.

AStelia foni sankaikonda. Ankati chinthu choyankhula chopanda pakamwa sichingalephere kumvetsera chopanda makutu. Koma Gerishon anali mwana wa malemu mwana wawo wamkazi, anamulera okha kuyambira ali wamamina, ndipo anawauza kuti anthu olemba mayina a okalamba amafuna chala m'mawa uliwonse kuti adziwe kuti munthuyo akadali moyo. Kodi akanakayika chiyani? Moyo wawo wonse dzina lawo ankalemba ndi chala chomwecho: kuchipatala, povota, ngakhale tsiku la ukwati wawo.

Manja awo anali ndi mbiri m'mudzimo. Amuna awo anamwalira kalekale, iwo anali atakalamba, ndiye anthu ankati ndi manja ozizira, osaopsa khanda. Mwana akabadwa, asanagwidwe ndi wina aliyense wa m'mudzi, ankaitana aStelia kuti amusambitse. Theka la anyamata othamangitsa njinga kumsika anadutsa m'manja amenewo ali ofiira ngati mbewa.

Loweruka lina chakumasana, Gerishon kulibe, kunafika amuna atatu. Patsogolo panali Nathan, wopha mbuzi kumsika, atanyamula paketi ya shuga. Anakhala pansi mwaulemu woposa muyeso, anapereka moni kawiri, kenaka aliyense anatulutsa foni yake ndi kuiika pamkeka.

AStelia anawafunsa ngati nawonso akalamba.

Awiri aja anaseka, koma Nathan sanaseke. Anakankhira shuga uja pafupi ndi mapazi a agogo. Ananena kuti iye sadziwa pomwe anawalakwira, mwina ndi tsiku lija anawapatsa nyama yamafupa okhaokha. Lachitatu lapitalo chala chawo chinadina pafoni yake, ndipo mpamba wonse wogulira mbuzi unapita nthawi imodzi, pamene Gerishon chala chomwecho chimamupambanitsa.

"Ngati muli nane chifukwa, agogo, ndimasuleni," anatero.

Mawu akuti ndimasuleni anawalowa aStelia ngati madzi a m'mawa wa mu Juni. Womasula ndi yemwe anamanga, ndipo nkhalamba yomanga anthu dzina lake limadziwika. Apo anakumbukira foni yakuda imene Gerishon anabwera nayo Lachitatu, amvekere yake yatha moto. Anawauza alendowo kuti atole mafoni awo ndi shuga wawo yemwe. Nathan shugayo anamusiya dala. AStelia anamukankha ndi ndodo mpaka kunja kwa bwalo, nkhuku n'kuboola pepala lake.

Gerishon atabwera n'kufunsidwa sanakane n'komwe. Anafotokoza monyadira, ngati munthu amene watulukira mbewu yatsopano. Anati kubetcha si njuga ya pansi pa mtengo, kumafuna mutu. Njira zonse anaziyesa: kusankha matimu ang'onoang'ono osadziwika, kulumikiza masewero khumi patikiti imodzi, kuwirikiza kawiri ukaluza kuti ubweze zonse. Kenaka anasamukira ku makadi a pafoni, ndipo kumeneko ndi komwe anazindikira kuti manja a anyamata ndi otentha, amathamangitsa mwayi. Tsiku loyamba limene agogo anadina, anapambana.

Anawaonetsa. Pagalasipo panali mkazi wamapewa pamtunda, milomo yofiira ngati wamwa magazi a nkhuku, akugawa makadi ndi kumwetulira munthu amene sakumuona. AStelia anayang'ana chala chawo. Chala chimene chinkapukuta makanda m'maso chinali chikugwira pankhope ya mkazi ameneyo m'mawa uliwonse, iwo asanatsuke ndi mkamwa momwe.

"Nanga foni ya Nathan?" anafunsa.

Gerishon anakanda m'mutu. Anati Nathan ndi anzake ena a pasiteji ya kabaza anamuchonderera, ndiye ankawalipiritsa kangachepe kuti awabweretsere mafoni awo.

"Ndiye kuti chala changa unachiika pamsika ngati kanyenya, eti? Iwe Gerishon, ndinakusambitsa ndine. Ukudziwa chimene amachita ndi nkhalamba imene anthu ati ili ndi mphamvu m'manja?"

"Inu agogo mumaopa ngakhale tsamba likagwa. Anthu akukutamani."

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mufunse mnzako Nathan, ndiye amazikhula pakhosi."

Anamupempha kuti apite kumsika akanene kuti zonsezo anapeka yekha. Gerishon anati sizingatheke, chifukwa akatero anzake amutembenukira iyeyo. Anadya, anasamba m'manja, anatuluka akuimba mluzu.

Mphekesera ya m'mudzi siyenda ndi miyendo, ana inu, imauluka. Lolemba aStelia atafika pamjigo, amayi amene ankaseka anangoti zii, ndipo anawapatukira kuti atunge msanga, ulemu umene sanaupemphe. Ana amene ankabwera kudzatola nachesi wakugwa anasiya kubwera. Lachitatu Christabel, mkazi wa pakhomo loyandikana, anabwera kuchokera kuchipatala ndi khanda. AStelia anachapa chitenje chatsopano, anawenga zikhadabo, anakhala pakhonde kudikira. Palibe anawaitana. Madzulo anaona mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje akutuluka m'nyumba ya Christabel ndi beseni.

Lachisanu anamva kuti mwana wa Nathan watentha thupi. Tsiku lomwelo dzuwa lili paliwombo, mkazi wa Nathan anaima panjira, manja m'chiuno, kuyang'ana nyumba ya aStelia nthawi yaitali osapereka moni.

AStelia anali atakhala zaka zambiri padziko. Ankadziwa kuti zimayamba chonchi: kukupatukira, kukuyang'ana, kenaka maliro amodzi okha, basi miyala. Ndipo ogenda sakhala alendo, amakhala ana omwe unawasambitsa. Anaganiza zothawira kwa mphwawo ku Lisungwi, koma wothawa ndiye kuti wavomera. Anaganiza zophwanya foni ya Gerishon ndi munsi, koma foni si imene inkayankhula pamjigo.

Lamulungu anavala zoyera za Mvano, zimene anazivala zaka makumi atatu popanda banga, ndi kupita kutchalitchi. Gerishon analiko, kumbuyo kwa anyamata a kwaya, mutu uli pansi, chala chikuyenda pafoni pakati pa mawondo. Nathan analiko ndi mkazi wake. A Lucius, mlembi wa mpingo, atatha kuwerenga zolengeza anafunsa mwa chizolowezi ngati pali chotsala. AStelia, amene sanayambe ayankhulapo pagulu chibadwire, anaimirira atagwira benchi ya kutsogolo.

"Ine ndabwera kudzadziulula," anatero. "Ndine wanjuga."

AStelia anafotokoza zonse: za olemba mayina a okalamba amene kulibe, za mkazi wogawa makadi, za foni yakuda. Anati kusadziwa si chifukwa, popeza mbuzi yodya chimanga cha eni saifunsa ngati inawerenga malire. Kenaka anatembenuka ndi kuloza mdzukulu wawo ndi chala chomwe chija.

"Akuti chala ichi chili ndi mphamvu. Ndinayamba kudina nachesi ali wobiriwira ngati nthula, lero wapsa mpaka akugwa yekha. M'mawa uliwonse, osaphonya. Tamuyang'aneni wolemerayo. Njinga ndi ya eni. Nsapato yakumanzere anamanga ndi waya. Sopo amasambira wanga. Iwe Gerishon, tauza anthu, unapambana kangati?"

Gerishon anayang'ana kudenga. A Lucius anabwereza funsolo ndi mawu a mlembi, ndipo yankho linatuluka ngati la mwana wogwidwa ndi dzanja mumphika.

"Katatu."

"Katatu," anatero aStelia. "Nkhuku yanga itajompha pafonipo miyezi itatu ikanapambana kanayi."

Woyamba kuseka anali mayi wina wa Mvano, anayesa kubisa ndi buku la nyimbo koma zinakanika. Kenaka anyamata a kwaya, kenaka tchalitchi chonse, mpaka abusa anavula magalasi kupukuta misozi. AStelia sanaseke. Kusekako kunkawanyansa ngati madzi otsukira matumbo a mbuzi, koma anaima chilili kuti kuwakhuthukire konse, pakuti munthu amene anthu akumuseka samugenda. Anayang'ana kwa Nathan. Nathan sankayang'ananso iwo. Maso ake anali pa Gerishon, ndipo anyamata ena atatu a kabaza nawonso anali atatembenukira komweko.

Abusa anati nkhaniyo akulu a mpingo akaiona, ndipo mwina palibe chifukwa choti agogo alangidwe. AStelia anakana. Anati wanjuga aliyense amadulidwa, ndipo iwo safuna kuti mawa wina adzati nkhalamba ija ngakhale abusa amaiopa. Anamasula duku loyera pamaso pa onse, imvi zili poyera, analipinda bwinobwino ndi kulipereka kwa amayi apampando a Mvano. Anayenda pang'onopang'ono mpaka kubenchi ya kumbuyo kwenikweni, ya odulidwa, ndi kukhala pakati pa mtsikana wotenga mimba ya pathengo ndi bambo wina wotcheza kachasu. Bamboyo anawasunthira malo mwaulemu.

Gerishon anazemba nyimbo yomaliza isanathe. Sanabwere kunyumba tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. Ena anati amuona ku Lisungwi, ena ku Mwanza. AStelia anamanga zovala zake m'thumba la feteleza ndi kuliika pakhonde, kuti akadzabwera asadzavutike kulowa m'nyumba.

Lachiwiri anapita kumjigo. Ana anali atapeka kale nyimbo ya gogo wanjuga, ndipo anawaimbira akuwomba m'manja kuyambira pa mtengo wa mapeyala mpaka pamzere wa ndowa. Palibe mayi anawapatukira. Mkazi wa Nathan anawauza mosanyengerera kuti achikulire nawonso azidikira, anthu anabwera kale. AStelia anaika ndowa yawo kumapeto kwa mzere, anakhala pamwala, nadikira nthawi yawo.